Munthu Amene Adayesa Kuwerenga Mabuku Onse

 Nkhani ya mbiri yakale imene takukonzerani lero ikuchokera pa dandaulo limene ambiri a inu mudalimvapo, kapenanso mudalinenapo ndi pakamwa panu. Dandaulolo ndi lakuti zomva zachuluka, zosankha nazo zachuluka, ndipo mutu wa munthu sukupezanso mpumulo.

Munthu akadzuka m'mamawa amapeza mauthenga ali mbwee pa foni yake, ena ochokera kwa abale, ena ochokera kwa anthu amene sadawaonepo nkhope. Akatsegula wailesi, nyumba iyi ikunena zake, inayo ikunenanso zake. Akapita ku sitolo kukagula mbewu ya chimanga amapeza mitundu yochuluka, ndipo thumba lililonse lalembedwa mawu olonjeza nkhokwe yodzaza. Mwana akatentha thupi, alangizi amafika khumi, aliyense ndi mankhwala ake. Mapeto ake munthu amasowa chogwira, dzuwa nkulowa asanachite kanthu, kapena amangotola chimene chili pafupi, mtima nkutsala ukumutsutsa. Makolo athu adaziona kale zoterezi pamene adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Ambiri amayesa kuti vuto limeneli lidabwera ndi foni ndi intaneti, koma mbiri ikutiuza kuti anthu adayamba kalekale kulira nalo. Amene amawerenga Baibulo akukumbukira kuti mutu wotsiriza wa buku la Mlaliki umachenjeza za kuchuluka kwa mabuku ndi kutopa kumene kumadza chifukwa cha kuphunzira kwambiri. Ku Roma nako, Seneca, amene adamwalira m'chaka cha 65, adalembera bwenzi lake Lucilius kalata yomulangiza kuti aleke kudumphadumpha m'mabuku ambiri, akhazikike pa olemba ochepa odalirika. Komabe dandauloli lidakula ndithu pamene makina osindikizira adafala ku Ulaya, ndipo lero tikamba za munthu mmodzi wa nthawi imeneyo amene adathera moyo wake wonse akulimbana ndi chigumula cha mabuku. Dzina lake ndi Conrad Gessner, wa mumzinda wa Zurich m'dziko la Switzerland.

Tiyambe taona mmene zinthu zidalili iye asanabadwe. Kwa zaka mazanamazana buku lililonse ku Ulaya linkalembedwa pamanja, ndipo Baibulo limodzi linkatha kumutengera mlembi chaka chathunthu kapena kuposerapo. Motero mabuku adali osowa ndi okwera mtengo, kotero kuti m'nyumba zina zosungiramo mabuku ankawamangirira ndi unyolo poopa akuba. Cha m'ma 1455, Johannes Gutenberg wa mumzinda wa Mainz ku Germany adatsiriza kusindikiza Baibulo pogwiritsa ntchito zilembo zachitsulo zimene ankazisanja, kuziphwasula ndi kuzisanjanso, ndipo adatulutsa Mabaibulo pafupifupi 180. Luso limeneli lidafala ngati moto wa m'chilimwe. Pofika chaka cha 1500 makina osindikizira adali atafika m'mizinda yoposa 200, ndipo mabuku osindikizidwa adali atakwana mamiliyoni.

Koma paja walira mvula walira matope. Ophunzira omwe aja amene ankadandaula za kusowa kwa mabuku adayamba kudandaula za kuchuluka kwake. Erasmus wa ku Rotterdam, katswiri wotchuka wa masiku amenewo, adadzudzula osindikiza ongofuna phindu kuti adzaza dziko ndi timabuku topanda pake, ndipo kuti kuchuluka kwa timabukuto kukuononga maphunziro. Kuyambira 1517, pamene mkangano wa Martin Luther ndi Roma udabuka, m'misika mudadzaza timabuku totsutsana pa nkhani za chipembedzo, mbali iyi kunyoza inayo. Munthu wamba amene makolo ake adamva liwu limodzi lokha moyo wawo wonse, tsopano adayenera kusankha yekha womumvera, ndipo kusankhako nthawi zina kunkathera m'mwazi.

Conrad Gessner adabadwa pa 26 March 1516 m'banja losauka la ana ambiri. Atate ake adali osoka zovala za zikopa zaubweya. Chifukwa cha umphawi mwanayu adakakulira kwa mbale wachikulire wa kwa amayi ake, wansembe wokonda kulima zitsamba za mankhwala, ndipo kumeneko ndi kumene adayambira kukonda zomera. M'chaka cha 1531, ali ndi zaka 15, atate ake adafa pa nkhondo ya Kappel, imene idali pakati pa Zurich ndi zigawo za Chikatolika za dzikolo. Mtsogoleri wa mpingo wa ku Zurich, Huldrych Zwingli, adafanso pa nkhondo yomweyo. Aphunzitsi ake ataona nzeru za mwanayo adamuthandiza kupitiriza sukulu, naphunzira ku Strasbourg, ku Bourges ndi ku Paris. Ali ndi zaka 21 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wa Chigiriki ku Lausanne, ndipo m'chaka cha 1541 adalandira digiri ya udotolo ku Basel, nabwerera kwawo ku Zurich kukaphunzitsa ndi kuchiza odwala.

Mnyamata ameneyu adali ndi mantha awiri ooneka ngati otsutsana. Oyamba adali akuti mabuku achuluka mosokoneza, kotero kuti wophunzira, makamaka wosauka ngati iye, angathe kutaya ndalama ndi zaka pa mabuku opanda phindu pamene buku lomuyenera lilipo koma iye sakulidziwa. Achiwiri adali akuti mabuku angathe kutha tsiku limodzi. Iye ankadziwa zimene zidachitika ku Buda m'dziko la Hungary, kumene mfumu Matthias Corvinus idasonkhanitsa mabuku pafupifupi 2,000, ambiri mwa iwo olembedwa pamanja. Ankhondo a ku Turkey atagonjetsa dzikolo m'chaka cha 1526 mabukuwo adamwazika, ndipo amene akudziwika lero angopitirira pang'ono 200. Gessner adaona kuti mankhwala a mantha onse awiri ndi amodzi: kulemba mndandanda wa mabuku onse amene adalembedwapo, kuti wofuna buku adziwe kuti lilipo, ndipo likatayika dzina lake litsale.

Pa Chichewa mawu akuti kuwerenga ali pawiri. Timawerenga kalata, timawerenganso mbuzi polowa m'khola. Gessner adadziwa kuti palibe munthu angawerenge mabuku onse monga timawerengera kalata, tsono adaganiza zowawerenga monga mbusa amawerengera ziweto. Adapita ku msika waukulu wa mabuku ku Frankfurt, kumene osindikiza ankakumana kawiri pa chaka, natolera mindandanda yawo. Adapita ku Venice m'dziko la Italy, kumene kazembe wa ku Spain, Diego Hurtado de Mendoza, adamulola kuona mabuku ake a Chigiriki olembedwa pamanja. Adalembera makalata ophunzira a m'maiko osiyanasiyana, nafufuzanso m'mabuku akale maina a mabuku ena amene adatchulidwamo koma adatayika.

M'chaka cha 1545, Gessner ali ndi zaka 29, wosindikiza wa ku Zurich Christoph Froschauer adatulutsa chibuku chotchedwa Bibliotheca universalis, kutanthauza nkhokwe ya mabuku onse. Chidali ndi masamba akuluakulu oposa 1,200, ndipo mudalembedwa mabuku osachepera 10,000 a m'zilankhulo zitatu za maphunziro a nthawi imeneyo, Chilatini, Chigiriki ndi Chihebri. Olemba adasanjidwa motsata alifabeti, kuyambira pa maina awo oyamba. Pamene adatha kutero, Gessner adasonyeza mzinda umene buku lidasindikizidwira, wolisindikiza, chaka chake ndi kukula kwake, ndipo pa mabuku ena adaonjezera mitu ya m'kati ndi maganizo ake, kuti munthu adziwiretu chimene akugula. Sadasiye buku chifukwa chakuti iye sadalikonde. Adaika abwino ndi achabe pamodzi, poganiza kuti chimene wina achiyesa gaga, kwa mnzake chingakhale chakudya. Chifukwa cha ntchito imeneyi, mpaka lero osunga mabuku amamutcha tate wa luso lolemba mindandanda ya mabuku.

Komatu chibukucho chidali ndi chilema chimene mwiniwake adachidziwa. Mndandanda wa maina umathandiza munthu yekhayo amene akudziwa kale dzina limene akufuna. Nanga dotolo wofuna kudziwa amene adalembapo za malungo, kapena mlimi wofuna buku la kasamalidwe ka njuchi, akayambira pa tsamba liti? Motero Gessner adayambanso ntchito yachiwiri, yosanja nkhani zonsezo motsata mitu yake. Adagawa nzeru zonse za anthu m'magawo 21, monga malamulo a chilankhulo, masamu, nyimbo, nyenyezi, mbiri yakale, ndale, malamulo a dziko, mankhwala ndi za Mulungu. Buku limeneli, lotchedwa Pandectae, lidatuluka m'chaka cha 1548 lili ndi magawo 19, ndipo gawo la za Mulungu lidatsatira m'chaka cha 1549.

M'buku lomweli adafotokoza njira imene ankagwirira ntchito, ndipo ndi yosavuta kotero kuti mwana wa sukulu angaitsate. Chilichonse chofunika chimene wapeza uchilembe pa pepala, mbali imodzi yokha. Ukatero udule pepalalo ndi sizasi, mfundo iliyonse ikhale pa kachidutswa kake. Kenaka usanje tizidutswato m'milu pa tebulo, tofanana pamodzi, ndipo mulu ukakula uugawenso. Ukakhutira ndi kasanjidweko, umate tizidutswato pa pepala lina ndi phala la ufa. Amayi amene amapeta mphale pa lichero aizindikira ntchito imeneyi, pakuti ndi yomweyo yopatula zosakanikirana, chilichonse chipite ku mbali yake. Makadi amene nyumba zosungiramo mabuku zidagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri makompyuta asanafike adatsata nzeru yomweyi ya mfundo imodzi pa kapepala kamodzi.

Pano pali chinthu chofunika kuchisunga mumtima. Mwa magawo 21 aja, limodzi silidatuluke konse. Lidali gawo la 20, la mankhwala, ntchito imene Gessner mwiniwake adaiphunzira ndipo ankadyera. Pa nkhani imene ankaidziwa bwino koposa, tizidutswa tidapitirira kuunjikana, ndipo tsiku lakuti anene kuti zakwana silidafike.

Anthu ena a nthawi yomweyo adayesa njira zawo. Ena adaona kuti chibuku cha Gessner nchachikulu ndi chodula, nachifupikitsa: Conrad Lycosthenes adatero m'chaka cha 1551, ndipo Josias Simler m'chaka cha 1555. Tikuona pamenepa kuti ngakhale buku lothandiza anthu pa kuchuluka kwa mabuku lidafunika kulichepetsa. Ena adasankha njira yoletsa. M'chaka cha 1559, nthawi ya Papa Paul IV, ku Roma kudatuluka mndandanda wa mabuku oletsedwa, ndipo dzina la Gessner lidali momwemo popeza adali Mprotestanti. Mndandanda wotere udathetsedwa m'chaka cha 1966. Mizinda ya Aprotestanti nayo, ndi Zurich yemwe, idali ndi akuluakulu oyendera mabuku asanasindikizidwe. Enanso adati ndi bwino kusankhira wophunzira mabuku oyenera okhaokha, ndipo wansembe wa Chijezuiti Antonio Possevino adatulutsa mndandanda wa mabuku osankhidwa m'chaka cha 1593.

Njira ina ya m'zaka zomwezo mumaigwiritsa ntchito inu omvera popanda kuiganizira. Mlaliki akati tsegulani mutu wakuti, ndime yakuti, mpingo wonse umapeza malowo m'kanthawi kochepa. Kugawa Baibulo m'mitu monga tikuidziwira lero amati kudachokera kwa Stephen Langton, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury amene adamwalira m'chaka cha 1228. Manambala a ndime za Chipangano Chatsopano adawaika ndi wosindikiza Robert Estienne ku Geneva m'chaka cha 1551, Gessner ali moyo. Manambalawo sadachotse liwu ndi limodzi lomwe m'Baibulo. Adangolambula tinjira toti munthu akafike msanga pamene akufuna.

Gessner adatenga nzeru yomweyi napita nayo ku nyama. Pakati pa 1551 ndi 1558 adatulutsa mabuku anayi a Historia animalium, ofotokoza za nyama za miyendo inayi, mbalame, nsomba ndi zina za m'madzi, masamba ake oposa 3,000, ndi zithunzi zambirimbiri. Lachisanu, la njoka, lidatuluka iye atamwalira, m'chaka cha 1587. Nyama iliyonse adaifotokoza m'zigawo zisanu ndi zitatu zotsatana mofanana: maina ake, kumene imapezeka ndi maonekedwe ake, makhalidwe ake, ntchito yake kwa anthu, kadyedwe kake, mankhwala ochokera kwa iyo, ndi zina. Wofuna za mankhwala zokha ankadziwa chigawo choti atsegule. Ndipo Gessner adauziratu owerenga ake kuti mabukuwa sadalembedwe kuti munthu awawerenge kuchokera koyamba mpaka kumapeto, koma kuti aziwatsegula pamene ali ndi funso, monga timachitira ndi buku lotanthauzira mawu.

Adalimbananso ndi nkhani zabodza. M'buku la nsomba la 1558 adachenjeza kuti ogulitsa mankhwala ena amatenga nsomba ina yotambalala ya m'nyanja yamchere, naipinda, naidula zipsepse, naiumitsa kuti ioneke ngati chinjoka cha mapiko, kenaka nkumaionetsa kwa anthu osadziwa. Amene adalandirapo pa foni chithunzi chokonzedwa mwachinyengo aona kuti malonda amenewa ndi akale. Adali ndi chizolowezi chotchula amene adamutumizira chithunzi kapena nkhani, monga dotolo wa ku England John Caius, kuti wowerenga adziwe gwero lake. Ngakhale zidali choncho, m'mabuku ake mudalowabe zilombo zimene kulibe, monga kavalo wa nyanga imodzi pamphumi ndi nsomba yooneka ngati bishopu. Ngakhale wopeta waluso, timiyala tina timamupulumuka.

Kuyambira 1554 Gessner adali dotolo wamkulu wa mzinda wa Zurich. Mliri utagwa mumzindawo iye adapitiriza kuyendera odwala, mpaka naye adautenga. Amene adalemba za moyo wake amati ataona kuti imfa yayandikira adapempha kuti amunyamulire m'chipinda chake chophunziriramo, pakati pa mabuku ndi mapepala ake. Adamwalira pa 13 December 1565 ali ndi zaka 49. Adasiya zithunzi mazanamazana za zomera zimene ankakonzera buku lina lalikulu, ndipo zidakhala zaka pafupifupi 200 zisanayambe kusindikizidwa.

Tsono omvera, mbiri imeneyi ikutiuza chiyani ife a lero? Choyamba, munthu amene akumva kuti zamuchulukira asadziyese wopusa kapena waulesi. Gessner adali ndi zilankhulo zambiri, khama losatopa ndi abwenzi m'maiko ambiri, komabe mndandanda wake udasiya kunja mabuku a m'zilankhulo za anthu wamba, ndipo pamene inki yake inkauma, makina a m'mizinda ina adali atatulutsa kale mabuku atsopano. Chimene chidamukanika iye ndi mabuku a nthawi yake sichingatheke kwa ife ndi mauthenga a nthawi yathu.

Katswiri wina wa ku America, Herbert Simon, amene adalandira mphotho ya Nobel pa za chuma m'chaka cha 1978, adafotokoza chifukwa chake m'nkhani imene idasindikizidwa m'chaka cha 1971. Iye adaona kuti uthenga uliwonse umadya kanthu, ndipo chimene umadya ndi chidwi cha woulandira. Mauthenga angathe kuchuluka popanda malire, koma tsiku lili ndi maola 24 kwa aliyense, motero chosowa kwenikweni ndi chidwicho, ndipo chiyenera kugawidwa mosamala monga ufa m'mwezi wa njala. Simon yemweyo, m'zaka za m'ma 1950, adasonyeza kuti anthu posankha zinthu sayeza zonse kuti apeze chopambana zonse, popeza nthawi ndi nzeru sizingakwane. Amayamba aika muyeso wa chimene chingawakwanire, ndipo akapeza chofika pa muyesowo amaleka kufunafuna.

Tikaika pamodzi moyo wa Gessner ndi nzeru za Simon, tikupeza malangizo amene sakufuna ndalama. Funso liyambe, kufufuza kutsatire. Mlimi amene wachoka kunyumba akudziwa kuti mvula ya kwawo imatha msanga, ndi kuti akufuna chimanga chokonoleka bwino ndi chosafumbwa msanga m'nkhokwe, akafika ku sitolo mitundu yambiri ija imadzichepetsa yokha, nkutsala iwiri kapena itatu. Akafunsa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, ndi mnansi amene adabzalapo mbewuyo, wapeza mboni zodziwika maina, zoposa uthenga wongoyendayenda wopanda mwini. Akapeza mbewu yofika pa muyeso wake agule, apite kumunda, pakuti mvula sidikira munthu amene akuyerekezabe matumba. Foni nayo tingaitenge monga Gessner adafunira kuti anthu atenge mabuku ake a nyama: kuitsegula pamene tili ndi funso, ndi kuitseka tikapeza yankho. Ndipo chofunika chimene tamva tichilembe penapake, kuti mutu usasenze katundu amene kope lingasenze.

Mabuku a Gessner akusungidwabe lero m'nyumba zikuluzikulu za mabuku ku Ulaya, ndipo wofufuza akatsata magawo a Pandectae amapeza kuti pakati pa gawo la 19 ndi la 21 pali mpata. Odwala a ku Zurich sadadikire gawo limenelo kuti achizidwe. Dotolo wawo adawayendera ndi nzeru zimene adali nazo tsiku limenelo, ngakhale ankadziwa bwino kuti zotsala kuziphunzira nzambiri. Nafenso tikamagona usiku pali mauthenga amene sitidawatsegule ndi njira zimene sitidaziyese, tisadziimbe mlandu.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.